Kana Kawiri, Ulandire Kachitatu

4 Malichi

Okondedwa Azakhali,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Kodi bondo lija likuvutabe? Nanga achemwali ali bwanji, pamodzi ndi ana osamva amene amawaphunzitsa aja? Ine kuno ndili bwino, kungoti fumbi la simenti landiyeretsa mpaka nsidze. Anzanga a kuntchito nawonso ayamba kunditchula Pepani monga mumachitira kunyumbako. Sindinawauze ine. Akuti anandimva ndikupepesa wilibala nditaigunda.

Nkhani imene ndalembera ndi iyi. Akapitawo athu, amene amayang'anira nyumba yosungiramo katundu, akupuma pantchito kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo Abwana akufuna wina wolowa m'malo mwawo. Mukudziwa kuti ndatha zaka ndikuwerenga matumba a simenti, malata ndi zitini za penti, ndipo sindinasowetsepo ngakhale msomali umodzi. Udindowu umapita ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa kampani, yokhala ndi chitseko chakechake. Azakhali, ndatopa nako kachipinda kano. Eni nyumba amasungiramo njinga yawo, ndiye m'mawa uliwonse amalowa osagogoda ine ndili chigonere, n'kumandipatsa moni akudutsitsa njinga pamwamba pa miyendo yanga. Nyumba ija ndikuifuna ndi mtima wonse.

Abwana athu ndi mayi wosachulutsa mawu. Atiitana anthu awiri kukadya kunyumba kwawo Loweruka la sabata yamawa, ine ndi mnzanga wina amene timamutcha Inde-Inde chifukwa amavomera munthu asanamalize kufunsa. Aliyense akudziwa kuti kumeneko akukatiyeza. Ndiye ndikupempha zinthu ziwiri. Muwauze Atelala oyandikana nanu aja andisokere jekete, muyeso wanga ali nawo. Komanso mundikumbutse mwambo wa pa tebulo. Munatilera ndinu makolo athu atatisiya, ndipo sindikufuna kukakuchititsani manyazi pamaso pa anthu.

Ndine mwana wanu,
Pepani

*

9 Malichi

Mwanawanga Pepani,

Kalata yako ndalandira. Bondo likadalipo, silinapite kulikonse. Mlongo wako ali bwino, kungoti pakamwa pake sipanapezebe chotsekera.

Wachita bwino kufunsa. Tsono tamvera. Ukafike pa nthawi yake, osati chakudya chikadali pamoto ngati wachita kununkhiza. Usakakhale pampando asanakulozere. Manja usakaike m'matumba, chifukwa woika manja m'matumba pamaso pa akulu amaoneka ngati akufuna kugula nyumbayo. Chigongono pa tebulo ayi. Usakayang'anitsitse mbale ya nyama, nyama imadziwa yokha kumene ikupita. Akakupatsa tiyi ukachotse supuni m'kapu usanamwe, ungakadzibaye nayo m'diso monga anachitira malemu amalume ako pa ukwati uja.

Koma lamulo lalikulu ndi lomwe lija ndinakuphunzitsa usanaphuke mano akutsogolo. Munthu akakupatsa chinthu, kana kawiri, ulandire kachitatu. Wolandira ulendo woyamba ndi galu, wolandira wachiwiri ndi mwana, munthu wolemekezeka amalandira wachitatu. Amene akufunadi kukupatsa amafunsa kachitatu, sizilephera zimenezo. Ine ndayenda ndi lamulo limeneli moyo wanga wonse ndipo palibe amene ananditchulapo wadyera.

Za jekete ndinapita ndekha kwa Atelala, poti ndinalinso ndi makatani a pabalaza oti awafupikitse pang'ono. Akuti ayesetsa, koma ukudziwa kuti bambo amene aja mapazi awo amapalasa makina mofulumira pamene mutu uli m'mbuyo.

Azakhali ako

Iwe Pepani, ndine mlongo wako, ndalanda cholembera Azakhali atapita kukatsekera nkhuku. Udyeretu buledi usananyamuke. Usadzati sindinakuuze.

*

16 Malichi

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili moyo, ngakhale kuti dzulo panatsala pang'ono.

Jekete sinafike, choncho ndinabwereka ya eni nyumba, yonunkha mafuta a njinga. Malangizo a achemwali a buledi sindinawatsate. M'malo mwake sindinadye kanthu chidzukire, kuti m'mimba mukhale malo okwanira.

Tinafika bwino. Ndinadikira kulozeredwa mpando, manja ali panja pa matumba. Amene anaphika nkhuku ndi amuna awo a Abwana, bambo wonenepa wansangala, wovala epuloni, amene anatiuza kuti nkhuku imeneyo anayamba kuikonza dzulo lake ndipo zokometsera zake sanauzepo munthu. Anayambira kwa ine, mbale yaikulu ili m'manja, utsi uli tolotolo. Ndinayang'ana kukhoma monga munanenera, n'kunena kuti, “Zikomo bambo, ndakhuta.” Anadabwa pang'ono, n'kupitirira kwa Inde-Inde, amene anatenga ntchafu zonse ziwiri iwo asanatsegule pakamwa. Kenaka anabwereranso ndi mpunga, nati ngakhale pang'ono pokha. Ndinayankha kuti, “Ayi ndithu, musavutike.” Apo ndinadziwa kuti ntchito yatha, ndipo ndinagwira foloko mwakachetechete.

Azakhali, kachitatu sikanabwere. Bambowo atangoti atembenuke, Abwana anawagwira mkono n'kunena kuti, “Musamukakamize. Munthu akati ayi ndiye kuti ayi.” Ndipo anandichotsera mbale kuti isandipinge, n'kundiikira tambula ya madzi.

Ndinakhala pamenepo kuonerera anthu atatu akudya. Inde-Inde anawonjezera kawiri, akulankhula nyama ili m'kamwa, zigongono zonse zili pa tebulo. Pamene Abwana amafotokoza za tsogolo la kampani, m'mimba mwanga munalira mokweza moti galu wawo amene anagona kunsi kwa tebulo anayankha. Ndinamupepesa galuyo. Pambuyo pake bambo aja ananditengera pambali kundifunsa monong'ona ngati fungo la nkhuku yawo linali ndi vuto, maso awo ali ngati alira. Zotsala zonse anamuikira Inde-Inde m'kontena, ndipo tinayenda njira imodzi pobwerera, iye patsogolo ndi kontena, ine pambuyo ndi fungo.

Koma pali nkhani yabwino. Potiperekeza pa geti, Abwana anatsalira nane m'mbuyo n'kundifunsa ngati ndingalandire ukapitawo. Ndinatsala pang'ono kuvomera, koma ndinakumbukira kumene ndinaleredwa. Ndinati, “Ayi Abwana, ine ndine yani? Alipo ena ondiposa.” Ndiye kamodzi kameneko.

Ndifunseko: kodi kukana kwa nkhuku kumawerengedwa pamodzi ndi kwa ukapitawo, kapena chilichonse chili ndi mzere wake? Mundiyankhe msanga ndingasokoneze.

Mwana wanu,
Pepani

*

21 Malichi

Mwanawanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo ndawawerengeranso amayi a pa mpope kuti adziwe kuti ana oleredwa akadalipo. Mlongo wako yekha ndi amene anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi, koma ameneyo ndinamulephera kalekale.

Iwe sunalakwe. Olakwa ndi Abwana akowo ndi amuna awo, amene amafunsa kawiri n'kutopa ngati akukweza thumba la simenti. Njala ya tsiku limodzi siipha munthu, koma mbiri ya dyera imakutsata mpaka kumanda. Inde-Inde wakoyo umusiye adye, tione kumene ntchafu za nkhuku zidzamufikitse.

Pa funso lako, chilichonse chili ndi mzere wake. Nkhuku inatha, uiiwale. Pa ukapitawo wakana kamodzi, kwatsala kamodzi. Ukadzakana kachiwiri udzakane mokoma, mutu utaweramitsa pang'ono, kuti wofunsayo amve chilakolako chofunsanso.

Jekete ikusokedwa. Ndikumapita tsiku ndi tsiku kukaiyang'anira, chifukwa Atelala ukapanda kuwakhalira pafupi amangocheza ndi odutsa. Ndawapatsanso makatani aja, mbali imodzi inaoneka yotalikirapo.

Azakhali ako

*

2 Epulo

Okondedwa Azakhali,

Moni nonse kunyumbako. Kuno zinthu zasintha pang'ono. Inde-Inde anafalitsa za ku phwando kuja, ndiye kampani yonse ikukhulupirira kuti ndili ndi zilonda za m'mimba. Mayi amene amatigawira tiyi akumandidumpha mwachifundo, akuti tiyi angandiwotche m'kati. Amuna awo a Abwana anditumizira botolo la mankhwala akuda amene akuti anachiritsa mchimwene wawo. Anabwera nalo ndi dalaivala wa kampani. Ndinakana kamodzi, ndinakana kawiri, koma dalaivalayo anafunsa kachitatu, n'kuimirira pomwepo mpaka nditamwa. Lamulo lanu limagwiradi ntchito, Azakhali, kungoti mpaka pano lagwira pa mankhwala owawa okha.

Tsopano nkhani yeniyeni. Lolemba Abwana anandiitanira mu ofesi mwawo. Anandilozera mpando, nati akundifunsanso za ukapitawo uja, ngati ndaganizapo bwino. Ndinaweramitsa mutu monga munanenera, ndipo ndikuganiza kuti mukananyadira mukanandimva. Ndinati, “Abwana, mtima wanu ndi waukulu, koma mapewa anga ndi aang'ono.” Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Kenaka anati, “Ndamva. Sindikuvutitsaninso.”

Ndinatuluka ndikumwetulira, mpaka ndinapita kuseri kukaiona nyumba ija. Ili ndi mpopi wakewake ndi kamtengo ka mandimu pakhomo. Chipinda chinacho chidzakhala chanu mukamabwera kudzaonetsa bondo kuchipatala chachikulu. Kwatsala ndi kufunsidwa kachitatu basi.

Mwana wanu,
Pepani

*

11 Epulo

Azakhali,

Simunandiyankhe kalata ija, kapena yasochera. Ndikulembanso chifukwa tulo tayamba kundithawa.

Abwana sanandifunsebe. Ndayesetsa kuti azindiona. Ndikumawapatsa moni m'mawa, masana, ndiponso nthawi ina iliyonse akatuluka kupita kukasamba m'manja. Ndikumadutsa pa khomo la ofesi yawo ndikutsokomola pang'ono, koma zimenezi zangochititsa kuti botolo lachiwiri la mankhwala lifike. Duwa limene lili pakhomo pawo ndalithirira mpaka masamba achita chikasu. Dzana ndinawatsegulira chitseko cha galimoto, osadziwa kuti anali atangolowa kumene ndipo amafuna kutseka.

Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti dzulo ndinamuona Inde-Inde kuseri kuja akuyeza mazenera a nyumba ija ndi tepi ya kampani. Anathyolanso mandimu awiri. Dzina la kapitawo watsopano alilengeza Lachisanu lomaliza la mwezi uno, antchito onse atasonkhana.

Kodi mwambo sulola kuti munthu awakumbutseko pang'ono? Osati kupempha ayi, kungowauza kuti mawerengedwe aima pa kawiri. Ndikuopa, Azakhali.

Pepani

*

16 Epulo

Mwanawanga,

Makalata ako onse awiri afika tsiku limodzi, zikuoneka kuti yoyambayo imadikira inzake.

Usayerekeze kukumbutsa. Wokumbutsa ndi wopempha ndi ana a bambo mmodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Abwana akowo akukuyesa, akufuna aone ngati uli ndi mtima wodikira. Ofunsa ena amachedwa, mwanawanga, ena amachedwa kwambiri ndithu, koma munthu woleredwa amakhala phee, amasesa pakhomo pake, n'kumadikira. Kachitatu kamabwera.

Jekete yatha. Mlongo wako ndi amene anakaitenga poti bondo linandigwira, ndipo akaipereka kwa kondakitala wa basi pamodzi ndi kalata ino. Ukaivale tsiku lolengezalo. Duwa la eni ake ulisiye liume.

Azakhali ako

*

16 Epulo

Iwe Pepani,

Kalata iyi ndaibisa m'thumba la jekete kuti Azakhali asaione. Moni ndikupatsa ukadzakhala kapitawo, lero ndilibe nthawi.

Nditapita kukatenga jekete yakoyi, ndinawafotokozera Atelala za nkhuku ija kuti tisekere limodzi. Sanaseke. Anaimitsa makina, n'kundifunsa kuti ndibwereze lamulolo. Nditabwereza anati, “Kachitatu? Ndiye kuti munthu amayenera kufunsa kachitatu?” Nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene wadula nsalu ya eni ake molakwika.

Ndinawaumiriza mpaka anandiuza. Kale, ife tisanabwere kudzakhala kuno, iwo anawafunsira Azakhali ukwati. Azakhali anakana. Chaka chotsatira anafunsanso, atavala tayi, ndipo Azakhali anakananso mokoma, mutu ataweramitsa pang'ono. Tsono Atelala nawonso anali ndi lamulo lawo limene bambo awo anawasiyira, lakuti mwamuna waulemu safunsa mkazi katatu, chifukwa kumeneko n'kuvutitsa munthu. Anabwerera ku makina awo ndipo sanakwatire mpaka lero. Ulemu wa Atelala ndi ulemu wa Azakhali akhala akupatsana moni pa mpanda zaka zonsezi.

Tsopano ndamvetsa za makatani. Ukukumbukira kuti tili ana ankafika pansi? Chaka ndi chaka Azakhali amapita nawo kuti akafupikitsidwe pang'ono, n'kukhala pa benchi ya Atelala masana onse, atavala mpango wawo wabwino uja, kudikira funso. Panopa makataniwo atsala ngati mipango ya m'thumba. Odutsa mumsewu amationa tikudya, ena amatifunira chakudya chabwino.

Ndinaseka pobwerera, koma nditalowa m'nyumba n'kuwaona Azakhali akusita kansalu kameneko, kuseka kunatha. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma ena akagonera amasasa. Kachitatu sikabwera kokha, mlongo wanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mwako anamva ndi galu yemwe. Pita ukatsegule chitseko cha Abwana lero lomwe, usadikire Lachisanu.

Mlongo wako

*

27 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Moni, ndipo mundipatse moni wanga uja munasunga.

Koma inunso, pa malo onse obisapo kalata munasankha m'thumba? Mwaiwala kuti ine ndinaleredwa kusaika manja m'matumba? Jekete inafika bwino, ndinaiyesa kangapo, ndinaipachika, ndipo kalata yanu inagona mmenemo masiku onsewa. Ndinaipeza Lachisanu lomwelo m'mawa, antchito atayamba kale kundandalika mipando, pamene thukuta linandikakamiza kufunafuna mpango. Ndinaiwerengera kuseri kwa mulu wa malata.

Muwauze Atelala kuti mkono wamanzere ndi wautali kuposa wamanja. Sindikuwaimba mlandu, ndikudziwa amene anawakhalira pafupi pamene amausoka. Ndi mkono wautaliwo ndinagogoda pa chitseko cha Abwana, ndipo kugogodako sikunamveke chifukwa nsalu inaphimba zala. Ndinangotsegula. Moyo wanga wonse sindinalowepo m'chipinda asanandiuze kuti lowani.

Abwana anali ndi pepala patsogolo pawo, cholembera m'manja. Ndinaona dzina la Inde-Inde mozondoka. Ndinati, “Pepani Abwana, ndikupempha kuti mundifunsenso kachitatu.” Sanamvetse, choncho ndinafotokoza zonse, za galu, za mwana, za munthu wolemekezeka. Anavula magalasi. Anafunsa ngati pa tsiku la nkhuku lija ndinali ndi njala. Nditavomera, anaseka mpaka kugwira tebulo. Akuti kuyambira tsiku lija amuna awo akhala akusintha kaphikidwe ka nkhuku kufuna kupeza chimene chinandinyansa, ndipo banja lonse latopa nayo nkhuku, ngakhale galu akumatuluka panja ikafika.

Atatha kuseka anandiuza kuti pepalalo akhala akulizengereza kusaina, chifukwa Inde-Inde ndi munthu wabwino koma dalaivala aliyense atamupempha matumba owonjezera a simenti angavomere. Komabe anati iwo sandifunsanso. Kapitawo ndi munthu amene amayenera kutsegula pakamwa n'kunena chimene akufuna, kwa madalaivala, kwa ogula, ngakhale kwa iwo amene. “Ngati mukuufuna, pemphani ndinu.”

Achemwali, lilime linalemera ngati thumba lonyowa. Koma ndinati, “Abwana, ndikupempha ukapitawo.”

Anati, “Ayi.”

Ndinatchula zaka zanga, ndinatchula misomali imene sindinasowetse, ndinatchula ngakhale njinga ya eni nyumba, n'kupemphanso.

Anati, “Ayi ndithu, musavutike.”

Ndinapepesa n'kutembenuka, mtima utasweka. Dzanja lili pa chitseko ndi pamene ndinazindikira kuti mawu amenewo ndi anga omwe, a pa mpunga paja. Nditacheuka ndinawapeza akuluma milomo kuti asaseke. Ndinabwerera, n'kuimirira bwinobwino, n'kupempha kachitatu. Anatsegula diroo n'kuponya makiyi pa tebulo. Ndinawatola asanamalize kugwa.

Inde-Inde anamufunsa ngati angakonde kukhala wachiwiri wanga, ndipo mukudziwa kale yankho lake. Wandipatsanso miyeso ya mazenera, poti anali atayeza kale. Chimene Abwana anandilamula n'chimodzi: Loweruka likubwerali ndikadye nkhuku ya amuna awo, ndikalandire ulendo woyamba, ndikawonjezere, kuti m'nyumba mwawo mubwerere mtendere.

Azakhali muwauze pang'onopang'ono, atakhala pansi. Atelala muwauze kuti safunsa anadya phula.

Mlongo wanu,
Kapitawo Pepani

*

5 Meyi

Pepani,

Mlongo wako wandiuza zonse. Ndiye kuti unalowa osagogoda, n'kupempha ndi pakamwa pako, katatu konse, ngati wogulitsa tomato? Sindinakulere choncho. Komabe poti nyumba wapeza, ndakhululuka. Chipinda changa chikhale choyang'ana ku mandimu.

Kuno nakonso kwachitika zachilendo, ndipo ndikukayikira kuti mlongo wako ali ndi dzanja pamenepa. Lero masana kwabwera Atelala atavala tayi yakalekale, nsapato atapukuta. Anakhala pampando ndisanawalozere, n'kundifunsa funso lina lake limene anandifunsapo kale iwe usanabadwe. Sindikuuza funsolo, si la ana.

Ndinaganiza mofulumira. Poti papita zaka zambiri chonchi, ndinaona kuti mawerengedwe akale aja anafufutika, ndipo mwambo ukufuna kuti tiyambirenso. Choncho ndinakana, mokoma ndithu, mutu nditaweramitsa. Iwo anayang'ana chipewa chawo, anaimirira, n'kutuluka tiyi asanawire.

Ndakhala pano pa zenera chichokereni iwo. Msewu ukuoneka wonse, poti makatani athu ukuwadziwa. Sanabwerere. Iwe amene wakhala katswiri pa nkhani zimenezi, ukuganiza kuti abweranso? Sindikufunsira ine ayi, ndikuganizira makatani, poti mbali imodzi yayambanso kuoneka yotalikirapo. Mtima wanga suli m'malo, mwanawanga. Undiyankhe msanga.

Azakhali ako

*

9 Meyi

Kwa Akapitawo,

Ndine telala, woyandikana ndi azakhali anu. Sindinazolowere kulemba makalata, zanga ndi choko ndi lumo, choncho mundikhululukire ngati mizere yakhota. Ndamva za udindo wanu ndipo ndakondwera. Jekete ija mubwere nayo ndidzalinganize mikono, simulipira kanthu.

Azakhali anu akuti anakulemberani kalata yodandaula, ndiye andituma kuti ndikuuzeni kuti musavutike kuyankha. Iwo akuti sangalembe okha chifukwa manja atanganidwa.

Tsiku lija atandikana ndinabwerera ku makina anga ndi mtima wofuna kutseka nkhaniyo mpaka kalekale. Mlongo wanu anandipeza ndikusokerera batani pa bondo la buluku la eni ake. Anandikalipira ngati mwana wa m'kalasi mwake. Anati vuto langa n'lakuti ndimafunsa kamodzi n'kupita kukapuma chaka, ndiye mawerengedwe amazizira. Anati ndikafunse katatu nthawi imodzi, osapuma, osapereka mpata woti munthu ayambirenso.

M'mawa mwake ndinapita. Ndinawapeza akusesa pakhomo, pamalo amene anali osesedwa kale. Ndinakoka mpweya n'kufunsa motsatizana ngati kondakitala woitanira basi. Koyamba anati ayi. Kachiwiri anati ayi ndithu. Kachitatu sindinamalize n'komwe, anavomera ndili pakati pa funso, tsache likugwa pansi. Kenaka anandikalipira kuti ndinachedwa kuti zaka zonsezi, ndipo ndinapepesa, moti mlongo wanu akuti dzina lanu lija tizigawana.

Makatani akale aja ndawachotsa. Ndakutumizirani pa basi, akwanira bwino pa kazenera ka kubafa kwanu. Pabalaza ndasokapo ena atsopano, aatali mpaka pansi, ndipo ndawauza eni ake kuti amenewa safupikitsidwa, akafuna kundiona angotembenuka.

Dzulo madzulo anandifunsa ngati ndingamwe tiyi. Ndinaiwala mwambo, ndinalandira ulendo woyamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira kutchedwa galu. Anangochotsa supuni m'kapu mwanga kuti ndisadzibaye nayo m'diso.

Ndine wanu,
Telala